Ndemanga: tripod yojambulira nyenyezi, nditaigwiritsa ntchito nyengo yozizira yonse

Chidwi changa chinayamba mu May 2024, pamene Facebook inadzaza ndi zithunzi za aurora, kuwala kobiriwira ndi kofiirira kuja. Dzuwa linali litalavula tinthu tambiri tamphamvu tomwe tinawomba mpweya wa m'mwamba kwambiri, mpaka kuwalako kunaoneka ngakhale kugombe la kumwera kwa South Africa. Ndinene msanga kuti wina asawononge ndalama: kuno ku Lilongwe aurora si yathu. Tili pafupi ndi pakati pa dziko, pa madigiri 14 chabe kumwera kwa equator, ndipo ofuna kuiona amapita ku Tromsø ku Norway kapena ku Iceland. Koma tili ndi Mlalang'amba, womwe mu June ndi July umadutsa pamutu pathu penipeni. Umenewu ndi womwe ndinagulira tripod iyi, choimikapo kamera cha miyendo itatu, pasitolo ina ya zamagetsi ku Old Town.

Ndi yachitsulo chopepuka, ikapindidwa imalowa m'chikwama chakumsana, ndipo imabwera ndi chopanira foni komanso karimoti ka Bluetooth. Karimotiko musakaderere. Chithunzi cha nyenyezi chimafuna kuti kamera itsegule diso kwa masekondi 15 kapena 20, ndipo kungogunda foni ndi chala, nyenyezi zonse zimatuluka ngati mphutsi.

Poyamba ndinayesera pakhonde kwathu ku Area 25, usiku wina magetsi atazima dera lonse. Ndinaika foni pa ISO 1600 (muyeso wa momwe kamera imakokera kuwala) ndi masekondi 15, ndipo Southern Cross, nyenyezi zopanga mtanda kumwera, inatuluka bwinobwino ndi nyenyezi zake ziwiri zolozera. Mwana wanga wamkazi anayang'ana pafoni, nkuyang'ana kumwamba, nkufunsa kuti, "Ababa, zinazi zachokera kuti?" Kamera imasonkhanitsa kuwala komwe diso silingathe kusunga. Usiku umenewo tripod sinandikhumudwitse mpang'ono pomwe.

Vuto linaonekera kumapeto kwa June 2025, mwezi kulibe, titapita ndi alamu anga chakufupi ndi phiri la Bunda kuthawa magetsi a mutauni. Alamuwo anabwera ndi kamera yawo yaikulu, ndipo inakwana bwino chifukwa sikuluwu yake ndi yomwe makamera ambiri amagwiritsa ntchito. Koma pakati pa Mlalang'amba, pomwe pamawala kwambiri pafupi ndi gulu la nyenyezi la Scorpius, panali pamwamba penipeni. Kuti ujambule pamenepo, kamera iyenera kuyang'ana kumwamba chagada, ndipo apa mpomwe mutu wa tripod iyi umalephera. Ndi wapulasitiki. Umamanga mpaka chala kuwawa, ukangousiya kamera imayamba kuwerama pang'onopang'ono. Ndi maso sungaone, koma pachithunzi nyenyezi iliyonse imakhala ndi kamchira. Poyamba tinkaganiza kuti ndi kuzungulira kwa dziko, poti thambo limasuntha madigiri 15 pa ola. Titachepetsa nthawi kufika masekondi 8 michira inalipobe, ndipo mpomwe tinazindikira kuti vuto ndi mutuwo. Zinandipweteka mtima, chifukwa thambo la usiku umenewo linali loyera moti Mlalang'amba unkaoneka ngati utsi wa ng'anjo ya njerwa, ndipo mafuta a galimoto tinali titasonkherana.

Mphepo ya mwera nayo imaigwedeza tripod iyi. Pansi pake pali kokolowekapo, ndiye tinapachikapo botolo la madzi la malita 5, ndipo tinasiya kutulutsa timiyendo takumapeto toonda tija. Zinathandiza ndithu. Tengani kansalu kofewa, chifukwa pofika pakati pa usiku mame amakhala atadzaza pagalasi, komanso musaiwale jekete.

Pa kadamsana wa mwezi wa pa 7 September 2025 tripod inagwira ntchito yotamandika. Mwezi unafiira kuyambira cha m'ma 7:30 madzulo kwa mphindi zoposa 80, ndipo popeza unali chakum'mawa osati pamutu, kamera sinafunike kugada. Tinajambula ndi anzathu oyandikana nawo nyumba, ana akusinthana kukanikiza karimoti. Chokhacho, nthawi imeneyi utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimakhala zitayamba kuphimba thambo, kotero wofuna Mlalang'amba asadikire kupyola July.

Ngati muli ndi foni yokha, igulani, idzakutumikirani. Ikaninso Stellarium, pulogalamu yosonyeza mayina a nyenyezi, pafonipo kuti muzidziwa chomwe mukulozako. Ngati muli ndi kamera yolemera, musanapereke ndalama imangeni pasitolo pomwepo, muilozetse kudenga, mudikire mphindi imodzi muone ngati sikuwerama. Ine ndikuipatsa mamalikisi 6 pa 10. Miyendo ndisunga, koma ndayamba kale kufunafuna mutu wachitsulo kuti June akubwerayu ndibwererenso ku Bunda.