Tochi ya Mini Maglite patapita miyezi chiikireni LED

Mini Maglite ya mabatire awiri a AA ndi tochi yakale. Kampani ya Mag Instrument ya ku California inayamba kuipanga mu 1984, ndipo yanga ndi ya mtundu wa kababu ka timiyendo tiwiri. Mvula isanayambe chaka chatha ndinazula kababuko n'kuikamo LED, nyale yamakono yosadya magetsi ambiri, yogula payokha, ya timaso titatu, yomwe imabwera ndi kambale kake konyezimira. Ntchito yake ndi yaing'ono: kumasula mutu wa tochi, kuchotsa kambale kakale, kenako kusomeka timiyendo ta LED m'timabowo momwe munali babu. Ikakana kuyaka musathamangire kunena kuti yafa. LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndiye ingoizulani, muitembenuze, muisomekenso.

Pa mabatire ndiye palibe chodandaula. Babu lakale linkamaliza mabatire a alkaline m'maola ngati 5, ndipo chakumapeto kuwala kwake kunkafiira ngati khala la moto lomwe latsala pang'ono kuzima. Pano ndimaiyatsa pafupifupi madzulo alionse magetsi akathima, kusakira machesi, kukatseka khola la nkhuku, kuperekeza ana kuchimbudzi, koma mabatire omwewo amadutsa milungu. Yagwapo pa simenti ili chiyakire osazima. Babu likanathothoka kawaya kake ka m'kati. LED ilibe kawaya koteroko.

Chimene ndinataya ndi kuponya kutali. Ubwino wa Maglite kuyambira kale ndi woti ukapotokola mutu, kuwala kumasonkhana pamodzi n'kukafika kumpanda. Timaso titatu sitikhala pakati penipeni pa kambale monga linkakhalira babu, choncho upotokole bwanji kuwala kumangomwazika. M'nyumba zimenezi n'zabwino, chipinda chonse chimaoneka bwino popanda mdima wozungulira pakati. Koma galu akauwa kumapeto kwa bwalo, ndimaona mtengo wa mango wokha, osati chimene chili pansi pake. Mtundu wa kuwala nawonso unanditengera nthawi kuuzolowera. Kwenikweni LED yoyera ndi ya buluu yokutidwa ndi mankhwala achikasu otchedwa phosphor, n'chifukwa chake zotchipa zimapendekera ku buluu. Tsiku lina ndikulumikiza mawaya a wailesi, wofiira ndi wabulauni ankaoneka ngati amodzi mpaka ndinadikira kuti kuche.

Nkhani imene ndikufuna aliyense aimve ndi iyi. Babu linkakuuza lokha kuti mabatire atha, chifukwa linkazimiratu. LED imakoka magetsi ochepa kwambiri moti imapitiriza kuyaka mofooka ngakhale mabatire atatsala pang'ono kutheratu mphamvu, ndipo maso amazolowera kuchepa kwa kuwalako osazindikira. Batire ya alkaline ikakhalitsa itatha imayamba kuchucha. Nditatsegula chivindikiro cha kumbuyo mvula itatha, ndinapeza ufa woyera wouma utamatirira pa sipuling'i, batire yakumbuyo itatupa pang'ono pakamwa. Thupi la tochiyi ndi la aluminiyamu ndipo ndi lothina, batire ikafufuma m'katimo imakanirira, ena mpaka amataya tochi yonse. Yanga inatuluka nditaigogoda pa chikhatho. Ufawo ndinaupukuta ndi kathonje konyowetsa viniga, popeza zochuchazo ndi potassium hydroxide ndipo asidi wa viniga amazisungunula, n'kuumitsa bwinobwino ndisanatseke. Musazigwire ndi manja kenako n'kutikita m'maso, zimaotcha. Masiku ano ndimatsegula kumbuyo mwezi uliwonse, ndipo kuwala kukangoyamba kufooka ndimasintha mabatire onse awiri nthawi imodzi.

Ndinayesanso mabatire otchaja a NiMH. Sachucha chisawawa, koma amapereka mavoti 1.2 m'malo mwa 1.5, ndipo pa LED yangayi kusiyanako kumaoneka: kuwala kumatsika ndithu, ngakhale kumakwanira kuwerengera.

Kwa munthu amene ali nayo kale tochi yolimba chonchi ndipo amaigwiritsa ntchito m'nyumba, ndikuti sinthani, ndalama ya mabatire yokha ibweza mtengo wa LED. Mlonda kapena woyenda usiku m'njira za kumunda afunefune LED ya diso limodzi, yomwe imalola kupotokola mutu kuti kuwala kusonkhane. Kababu kapadera kamene kamakhala m'chivindikiro cha kumbuyo musakataye, komanso kambale kakale sungani, chifukwa popanda iko babulo silibwereramo bwino.