Hollow Man 2, filimu yoti umalipira kuonera munthu osaoneka

Dzulo usiku ndinaibwereza Hollow Man 2 ija ya 2006, imene sinapite n'komwe ku sinema, inangotulukira pa DVD basi. Amene munaonera yoyamba ya 2000 ya Paul Verhoeven mukukumbuka Kevin Bacon khungu likusungunuka mpaka kutsala mitsempha ndi mafupa, zinthu zoti mpaka zinapikisana nawo pa mphoto za mafilimu za Oscar. Apa iwalani, ndalama zinalibepo ndipo zikuchita kuonekeratu.

Christian Slater ndi msilikali Michael Griffin amene boma linamusandutsa osaoneka koma mankhwala ake akumudya pang'onopang'ono, ndiye akusakasaka wasayansi Maggie Dalton mu Seattle kuti amupatse mankhwala omupulumutsa, wapolisi amene akuseweredwa ndi Peter Facinelli nkumamuteteza mayiyo. Nkhani yake ndi yomweyo. Slater nkhope yake umaiona mphindi zowerengeka, kwinaku ndi mawu okha komanso mipando ikugwa yokha, mlongo wanga mpaka anafunsa kuti kodi bamboyu anabweradi kuntchito?

Tinagawanika pa mkekapo. Achimwene akuti ndi kutaya nthawi, yoopsa mulibemo, iwo anagona pakati. Ine pang'ono ndikuikhululukira chifukwa ya Bacon ija inali ndi zauve zambiri zozemberera akazi, iyi yangokhala yothamangitsana ngati ya apolisi. Ndewu yakumapeto pamvula, anthu awiri osaoneka madzi akuwaulula matupi, imeneyo yokha ndiye ndinakhala tsonga.

Ngati mwaipeza yotchipa tengani, koma osawonongerapo bandulo yanu.