Kubwerera ku kernel yakale kapena kukonza yatsopanoyo?

Ndinapanga compile (kumanga kuchokera ku code) kernel yatsopano ya Linux ndekha, kernel ndi mtima wa sisitimu womwe umalumikiza mapulogalamu ndi zida za kompyuta, basi laputopu yayamba misala, batire ikutha msanga, ndikaitseka siikugona, fani ikungolira, ndiye ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi mukudziwa kale. Njira zilipo ziwiri amwene. Yachidule, poyatsa mungosankha kernel yakale pa GRUB (menyu yomwe imabwera Linux isanayambe), mphindi imodzi zatheka, koma zomwe mumafuna mu yatsopano ija mwaziphonya. Inayo ndiyotopetsa, kukopera config yakale (fayilo ya ma settings a kernel) ya mu foda ya /boot, kulemba command ya make olddefconfig yomwe imagwirizanitsa ma settings akalewo ndi kernel yatsopano, kenako kuona ngati ACPI, suspend ndi cpufreq (zoyang'anira mphamvu ya magetsi, kugona kwa laputopu ndi liwiro la purosesa) zili zoyatsa, poti ndi zomwezo munthu umazimitsa osadziwa. Vuto muyenera kupanganso compile, ndipo imatha kudya maola, magetsi akathima pakati ndiye kaya. Ine ndabwerera kaye ku yakale mpaka Loweruka.