Tenti yopepuka patatha miyezi 9: vuto lonse lili pa zipi

Chandibweza kudzalemba ndi bilu yokonzetsera zipi ya chitseko, imene yafika pafupifupi kota ya mtengo wa tenti yonse. Ndi tenti ya anthu awiri, yolemera makilogalamu 1.3, yopangidwira othamanga m'mapiri amene amabereka katundu yense kumsana. Yakhomedwa maulendo 34, theka m'mapiri, theka linalo pazilumba ndi m'magombe a nyanja ya mchere.

Nsalu ya pamwamba sinadonthepo, ngakhale mvula itachezera usiku wonse. Nayiloni ikanyowa imalendewera pang'ono, choncho zingwe zimafuna kukungidwanso musanagone; ndi mmene nayiloni ilili, si chilema. Mitengo ya aluminiyamu yapirira mphepo ya pamwamba pa phiri osapindika. Neti imatchingadi udzudzu. M'chikwama cha malita 20 imalowa bola mitengoyo muimangirire kunja. Zikhomo zake n'zowonda, mumchenga sizigwira: mangani chingwe pakati pa chikhomo, chigonekeni chopingasa m'dzenje la masentimita 30, kwirirani n'kupondapo.

Tsono zipi. Anaika ya nambala 3. Nambalayi imasonyeza, mongoyerekeza, mamilimita a m'lifupi mwa mano zipi ikakhala yotseka. Matenti olemererapo amakhala ndi nambala 5 kapena 8. Apa anafuna kuchepetsa magalamu ochepa chabe, koma anawachotsa pa chinthu chomwe chimagwiridwa kambirimbiri tsiku lililonse.

M'mapiri zipiyi inkayenda bwinobwino. Inayamba kuvuta mwezi wachinayi, itangochoka kugombe. Poyamba inkangolimba pokhota pa chitseko. Kenaka inayamba kutseguka kumbuyo kwa kamutu, kachitsulo kamene mumakoka potseka ndi potsegula zipi: mukukoka, mano osalumana. Anthu ambiri akaona zimenezi amati mano atha, pomwe nthawi zambiri chatha ndi kamutu. Kamutu ndi kachitsulo kofewa, mchenga ndi wolimba kuposa iko. Mchere umakoka chinyezi, ndiye mano amakhala onyowa ndipo mchenga umamatirira. Mukakoka zipi, mchengawo umapala m'kati mwa kamutu, mpata umakula, mpaka kamutu kamalephera kukanikiza mbali ziwiri kuti zilumane.

Muli kutchire mutha kuipulumutsa. Bwezerani kamutu poyambira. Tengani pulaya, finyani kumbuyo kwake, kumene mano amatulukira atalumana, mbali ya kumanja kenaka ya kumanzere, pang'ono kwambiri. Yesani kutseka. Ngati ikutsegukabe, finyaninso pang'ono. Mukafinya mwamphamvu kamodzi kamutu kamaima osayendanso, kapena kamang'aluka. Pa tenti iyi kufinya kunathandiza kawiri, milungu ingapo ulendo uliwonse. Kachitatu kachitsuloko kanathyoka, ndipo podzafika nthawiyo mano a pokhota paja anali atapindika chifukwa chowakakamiza. Apa m'pomwe panakwera mtengo. Kusintha kamutu kokha ndi ntchito yaing'ono: kumasula ulusi kumapeto kwa zipi, kutulutsa kakale, kulowetsa katsopano ka nambala ndi mtundu womwewo, n'kusokanso. Mano akawonongeka pamafunika kusomola zipi yonse, kusoka ina, n'kumatanso msoko kuti usalowe madzi.

Choncho kamutu kakangoyamba kuvuta, sinthani pomwepo, musadikire. Mukachoka kugombe tsukani zipi ndi madzi opanda mchere ndi mswachi wakale, yotseka komanso yotsegula, muyanike tenti mpaka iumiretu. Musaipake mafuta odzola kapena ophikira; imayenda bwino tsiku limodzi, mawa lake yatola mchenga wochuluka kuposa kale. Pokhoma tenti yambani mwatseka zitseko, chifukwa mukaikunga ili yotsegula, zipi ndiyo imadzanyamula mphamvu yonse ya nsalu. Molumikizira mitengo namonso muzitsukamo. Kaufa koyera kamene kamaoneka mmenemo ndi mchere ukudya aluminiyamu, ndipo mukakasiya zigawozo zimakanirirana.

Chondipweteka kwambiri ndi mmene wogulitsa anachitira. Kalata yoyamba, yokhala ndi lisiti ndi zithunzi, inayankhidwa patatha milungu itatu, yankho lake n'kukhala loti kutha kobwera ndi mchenga sikuli pa waranti. M'mapepala a waranti mawuwo alimodi, sindikana. Koma chithunzi chotsatsira tentiyi chikuionetsa itakhomedwa pagombe, ndipo m'kabuku ka malangizo mulibe ngakhale mzere umodzi wonena za kutsuka zipi. Nditapempha kuti angondigulitsa timitu tiwiri, anati sagulitsa zipangizo paokha, tenti itumizidwe kwa iwo, ndalama yotumizira ikhale yanga. Pa milungu yodikira ija m'pamene mano anawonongeka.

Masiku ena, ndikakumbukira mmene imapepukira pokwera chitunda chachitali ndi mmene imaimira mumphepo, ndimaona kuti ndalama sinapite pachabe. Ndikayang'ana biluyo maganizo amasintha. Kwa amene amathamanga m'mapiri okha, pa udzu ndi pamiyala, ndinganene kuti gulani. Kwa amene ulendo wake uli ndi magombe, ndi bwino kuvomera magalamu 300 kapena 400 owonjezera n'kutenga tenti ya zipi ya nambala 5, ndipo musanalipire funsani wogulitsa ngati amagulitsa timitu paokha, akuyankheni molemba. Wosoka amene wakonza yangayi waikamo nambala 5 pa chitseko chimodzi. Chitseko chinacho chikadali ndi nambala 3, ndipo chayamba kale kulimba pokhota.