Starlet ikukoka tsopano, koma paipi yomwe ndinalipira sanaikemo

Galaja ya ku Biwi ku Lilongwe yomwe inandisinthira injini ndikuipatsa nyenyezi zitatu, ndipo akanakhala mwini galaja yekha bwenzi ndapereka imodzi. Ntchito ndi ija ena munandifunsa mutamva kulira kwake: kuchotsa injini ya 4E-FE mu Starlet yanga ya EP91 n'kuikamo 4E-FTE, ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikoke kwambiri) ija imabwera mu Glanza V, Starlet yothamanga ija. Half-cut, theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa lomwe limabwera ndi injini yake, ndinagula ndekha, mitengo yake mukuidziwa mmene yakhalira chigwereni kwacha mu November 2023. Galaja ya ku Biwi imeneyi tinagwirizana K650,000 ya ntchito ndi tizipangizo, theka poyamba, theka pomaliza. Nthawi yomwe analonjeza inadutsa kutalitali, koma zimenezo ndinapirira.

Chomwe sindingapirire n'chomwe chinachitika pa Khwekhwelele. Tinkachokera kunyanja ine ndi mayi a kunyumba, mwana ali kumbuyo, tadutsa pa Golomoti tayamba chitunda chopita ku Masasa. Galimoto inkakwera mokoma, giya yachitatu, turbo ikuimba kamluzu kake. Tili pakati pa makona aja ndinamva fungo la oyilo wopsa. Ndisanayankhule, utsi unayamba kutulukira pa chibowo cha pa boneti, kenaka nyali yofiira ya oyilo inayaka. Amene mumaudziwa msewu umene uja mukudziwa kuti malo oima ndi osowa, mbali ino phiri, mbali inayo chiphedi. Ndinathimitsa injini pompo, ndipo mayi anatuluka ndi mwana kukafuna miyala yoika kumatayala. Nditatsegula boneti ndinapeza oyilo ali ponseponse, akuchita thovu pamwamba pa manifodi, chitsulo chotulutsira utsi mu injini, kalawi kakang'ono katayamba kale kunyambita waya wa fani. Ndinazimitsa ndi dothi la m'mbali mwa msewu, ndi manja. Mwana wanga anaima poteropo akulira, atagwira chitenje cha mayi ake.

Chinaphulika ndi paipi yopititsa oyilo ku turbo. Turbo ya injini imeneyi, yotchedwa CT9, imazungulira mothamanga koopsa ndipo imadalira oyilo wochokera mu injini, wobwera ndi mphamvu. Paipi yake imadutsa pafupi ndi manifodi, pamene pamatentha mpaka chitsulo kufiira mukamakwera phiri. N'chifukwa chake a Toyota anaika yachitsulo. Mu galimoto yanga munali kapaipi ka labala, ka petulo wamba, komangidwa ndi tizitsulo tiwiri tofinyira. Kanauma, kanang'ambika m'litali ngati nthochi yowotcha. Pa lisiti yomwe ndili nayo mpaka lero, mwini galaja analemba ndi dzanja lake kuti wagula paipi yatsopano yolukidwa ndi waya, K45,000. Ndalama analandira, paipi sanagule.

Nditamuimbira ndili pa phiri pomwepo, yankho lake linali lakuti, "Bwana, magalimoto a turbo safuna kuthamangitsa, mwaiwonjeza moto." Munthu wakwera ndi banja pa giya yachitatu, ukumuuza za kuthamanga? Kenaka foni inazimitsidwa. Mnyamata wa pa kauntala, mphwake wa mwini galajayo, yemwe tsiku lolipira ankanditchula kuti bigi, anandiuza kuti galimoto ikatuluka pa geti nkhani yatha. Anthu awiri amenewa sindidzawapatsanso ngakhale njinga yakapalasa kuti apope.

Koma m'galaja momwemo muli madala ena, makaniko wamkulu, amene anagwira ntchito yeniyeni. Iwo atamva, anakwera minibasi m'mawa mwake n'kundipeza pa Golomoti pomwe tinakokera galimoto, atanyamula chikwama cha masipanala, oyilo ndi paipi yachitsulo yomwe anachotsa pa injini ina. Atangoona labala uja anagwira pakamwa. Anandiuza kuti paipi ya mu half-cut inabwera yophwanyika, iwo ananena kuti igulidwe ina, ndiye sabata yomaliza anapita kumaliro kumudzi, anyamata n'kumalizitsa okha. "Achimwene, ine ndikanakhalapo galimoto iyi sikanatuluka chonchi. Pepani kwambiri." Anagona pansi pa galimoto pa dothi, dzuwa la ku Golomoti lija, mpaka inalira. Injini inapulumuka, sinanoke, chifukwa ndinathimitsa msanga. Turbo yokha ndiyo inavulala: anandigwiritsa shafiti yake ndi chala, ikugwedera, ndipo kumbuyo kunkatuluka utsi wabuluu. Titafika ku Lilongwe anakangana ndi bwana wawo ine ndili pomwepo, mpaka galaja inagula CT9 ina yogwirapo kale ntchito. Ya ntchito sanandilipiritse. K45,000 ija sinabwerere, ndipo mwini galaja sanapepese.

Kunena chilungamo, zonse zomwe anagwira madalawo ndi zaukhondo. Mawaya a injini ndi kompyuta ya Glanza anawalumikiza bwinobwino, palibe nyali yoyaka pa dashibodi, ngakhale batani losinthira turbo kuti ikoke pang'ono kapena kwambiri likugwira ntchito. Ndi iwo anaumirira kuti tiike boneti ya Glanza, chifukwa intercooler ya injini imeneyi, yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo, imakhala pamwamba ndipo popanda chibowo chija mpweya wozizira sufikapo. Anasinthanso pampu ya petulo, klatchi ndi lamba wa timing, n'kusamutsa mabuleki a disiki a kutsogolo a mu half-cut. Pa mabuleki ndinkafuna kuzengereza chifukwa cha ndalama, iwo anakana, amvekere galimoto yothamanga yosaima ndi bokosi la maliro.

Nanga kukoka kwake? Injini zonse ziwiri ndi 1.3, koma yakale inkapereka ma horsepower cha m'ma 85, iyi 135, m'galimoto yosafika tani imodzi. Kale kupitirira thiraki pa M1 kunkafuna pemphero ndi msewu wautali woongoka. Pano ndimangotsitsa giya imodzi, ndadutsa. Zitunda za ku Dedza sindizimvanso. Petulo ikudya kuposa kale mukamaiponda, koma mukamayenda mofatsa kusiyana kwake n'kochepa, ndipo masiku a mizere pa filling station ndimaiyendetsa mwaulemu. Oyilo ndikusintha pafupipafupi, komanso ndikafika pa ulendo wautali ndimaisiya ilire kaye pang'ono ndisanathimitse, kuti turbo izizire oyilo akuyenda.

China chomwe galaja sinandiuze n'chakuti nambala ya injini ikasintha muyenera kukasinthitsa mapepala ku Road Traffic ndi kuwadziwitsa a inshulansi. Ndinamva kwa madala omwewo, ndipo ndinakonza ndisanapite ku COF.

Amene muli ndi Starlet ndipo mtima ukufuna turbo, ntchito imatheka, ndipo pa galaja imeneyi pali munthu woidziwa. Koma zipangizo kagulani nokha, mukazipereke m'manja mwa makaniko wamkuluyo osati pa kauntala. Tsiku lotenga galimoto tsegulani boneti, muyang'ane paipi yopita ku turbo ndi yobwerera ku sampu (mosungira oyilo pansi pa injini), muzigwire ndi dzanja injini isanatenthe. Mukapeza madalawo kulibe, bwererani kunyumba mudzabwere tsiku lina.