Pa zitsulo zitatu ndinagula, 1084 ndiyo yandisangalatsa

Ndinaitanitsa zitsulo za mitundu itatu, 1084, 5160 ndi 4140, kuti ndiyesere kusula tomahawk, kankhwangwa kopepuka ka anthu oyamba kukhala kuno ku North America. Papita miyezi inayi, ndasula zisanu ndi ziwiri.

Ndinayamba ndi 5160 chifukwa ndi mtundu womwe nthawi zambiri amapangira masipuling'i a galimoto, omwe agogo ankasulira nkhwangwa kumudzi. N'cholimbadi, sichithetheka wamba ngakhale muponye pachipika tsiku lonse. Chinandivuta pomatiza. Tomahawk yachikale imapangidwa popinda chitsulo chofewa kuti pakhale bowo la mpini, kenaka n'kutsekera kachidutswa kolimba kumbali yakuthwa. Ndi 5160 ndinayesa kawiri, borax (ufa wothandiza kuti zitsulo zimatane pamoto) ndinathira wokwanira, koma pozizira msoko unayasama. Chromium yomwe ili m'chitsulochi ndiyo imavutitsa pomatiza. Makala anga anangopita pachabe.

Koma 1084, eeh! Inagwirana ndi chitsulo chofewa ulendo woyamba womwe. Kuikhwimitsanso sikufuna zida zodula. Ndimaiwotcha mpaka maginito asiye kugwira, kuwonjezera moto pang'ono, n'kuviika m'mafuta a canola ofunda. Ndikatero ndimaiika mu uvuni pa madigiri 230 Celsius kwa maola awiri, kawiri, kuti isakhale yophweka kusweka ngati galasi (mayi a kunyumba sanakondwe ndi fungo lake). Ija ndinasula mu Meyi ndawazira nkhuni kambirimbiri, kunola kamodzi kokha.

4140 ili ndi kaboni wochepa, pafupifupi 0.4 peresenti, choncho imabuntha msanga poyerekeza ndi 1084. Yoponyera pa masewera ndi yabwino, bola mkono ukhale nawo, chifukwa pansi pa nyundo imayenda mwaulesi.

Dandaulo langa lili kwa ogulitsa. Zitsulo zinafika msanga, zokutidwa bwino, zopanda dzimbiri, koma mtundu wake anangolemba ndi choko. Pofika kuno zolembazo zinali zitafufutika pa ziwiri. Ndi maso simungasiyanitse 5160 ndi 4140. Ndinachita kudula tizidutswa, kukhwimitsa, n'kupala ndi fayilo kuti ndione kolimba kwambiri. Nditawalembera anandiyankha patatha masiku asanu, ntchito nditaimaliza kale.

Poyamikira malonda awo, ogulitsawa ndawapatsa nyenyezi zinayi. Ndaitanitsanso 1084 ina, ndipo ndawapempha kuti ulendo uno alembe ndi penti.