Lost, Breaking Bad, Game of Thrones kapena The Sopranos: imene imabweza ngongole pomaliza ndi iti?

Anzanga ambiri, kuntchito ndi pa WhatsApp pomwe, amandifunsa funso limodzimodzi: pa ma series akuluakulu akale aja, ayambe ndi iti? Ena amafuna yokakopetsa pa flash kwa anyamata a pa Kapata, ena ali ndi bundle ya usiku ndipo safuna kuitaya pachabe. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndilembe kamodzi pano. Ndichenjezeretu kuti ndiulula mathero a zonse zinayi. Amene safuna kumva alekere pomwepa.

Za kukongola kwa zithunzi, za amene anasewera bwino, za mphoto zimene analandira, sindikambapo. Zonsezi zinadya ndalama zambiri pozipanga ndipo zimaonekeratu. Ine ndimayang'ana chinthu chimodzi: series ikakuonetsa chinsinsi n'kukuuza kuti dikira, kodi pomaliza imakuululira? Chifukwa mtengo weniweni si makwacha amene umapatsa mnyamata wokopa uja. Lost ili ndi ma episode 121, kutanthauza maola opitirira 80. Game of Thrones ili ndi 73, The Sopranos 86, Breaking Bad 62. Maola amenewo ndi tulo tako, ndi batire la foni limene unachita kukatchajitsa kwa aneba a sola mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Ndiyambe ndi imene ndili nayo mangawa.

Lost inayamba mu 2004 n'kutha pa 23 May 2010. Ndege yochokera ku Sydney kupita ku Los Angeles igwa pachilumba, ndipo opulumuka ayamba kuona zachilendo: chimbalangondo choyera cha kumalo ozizira chikuthamanga m'nkhalango yotentha, utsi wakuda umene umazula mitengo n'kupha anthu, chitseko chachitsulo chokwiriridwa pansi, munthu wopuwala amene wadzuka n'kuyamba kuyenda. Season yoyamba, kunena zoona, palibe inzake pa zinayizi imene ingaipose pokukoka. Episode ikatha sufunsa nthawi, umangodina yotsatira. Kenako pabwera manambala aja, 4, 8, 15, 16, 23 ndi 42. Hurley, mmodzi mwa opulumukawo, anawina nawo lotale ndipo kuchokera pamenepo tsoka linamutsata. Manambala omwewo alembedwa pachitseko chija. Mkati mwake muli munthu amene amawalemba pa kompyuta mphindi 108 zilizonse, ndipo ukawaphatikiza onse asanu ndi limodzi akukupatsa 108 yemweyo. Munthu ukaona zimenezi umati olembawa ali ndi pulani, chilichonse anachiyeza.

Yankho lake? Mu season 6 akuonetsa kuti nambala iliyonse inali ya munthu mmodzi mwa amene Jacob, mlonda wa chilumbacho, anawasankha kuti adzalowe m'malo mwake: 4 Locke, 8 Hurley, 15 Sawyer, 16 Sayid, 23 Jack, 42 banja la Kwon. Chabwino. Nanga chifukwa chiyani manambala a pamndandanda wa munthu awinitse lotale, agwetse tsoka, alembedwe pachitseko zaka zambiri eni akewo asanafike? Zii.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi Walt. Kamnyamata aka anatiuza mobwerezabwereza kuti si mwana wamba. Akuwerenga buku la mbalame, mbalame yeniyeni ikudzigunda pawindo n'kufa. Bambo ake omupeza akumuopa. Pamapeto a season yoyamba anthu a pachilumba aja akubwera ndi boti usiku n'kumulanda m'manja mwa bambo ake, ndipo season yachiwiri yonse Michael akungokuwa dzina la mwana wake, mpaka kupha anthu awiri kuti amuwombole. Ndiye pamapeto a season 2 Walt akukwera boti n'kuchoka. Pambuyo pake amangotulukira mwa apo ndi apo, osanena chilichonse chogwira mtima. Chifukwa chake n'chodziwika: nkhani ya pachilumba m'ma season oyambirira inali ya miyezi yochepa chabe, koma Malcolm David Kelley, mwana amene ankasewerayo, ankakula chaka ndi chaka, mawu n'kuyamba kunenepa. Ndiye anthu akuluakulu olemba sewero la ndalama zonsezo sanadziwe kuti mwana amakula?

Zotere zilipo zambiri. Mu season 5 Sawyer, Juliet ndi anzawo ali m'bwato, bwato lina likuwathamangitsa n'kumawawombera, Juliet akubwezera n'kulasa mmodzi. Anali ndani? Mpaka lero sitinaonetsedwe. Libby anali m'chipatala cha amisala chimodzimodzi ndi Hurley, kamera inachita kumuyandikira kuti tione bwino, kenako anamupha asanafotokoze. Ndipo kutatsala ma episode ochepa kuti zonse zithe, akutibweretsera mayi wina watsopano amene akuti funso lililonse limene angayankhe lingobala funso lina. Apa ndinamva ngati olembawo akulankhula ndi ine mwachindunji kuti ndisiye kuvuta. Chinsinsi cha chilumba chonse n'kukhala kuwala kwa m'phanga, kotsekedwa ndi mwala.

Mlamu wanga wa ku Katete amaikonda kwambiri Lost, ndipo tikakumana nkhaniyi siilephera. Iye amati, "Alamu, inu simunamvetse. Nkhani inali ya anthu, osati ya chilumba." Pa mfundo imodzi ndimamuvomereza: amene amati onse anafa kalekale ndege itangogwa akunama. Bambo ake a Jack akunena momveka m'tchalitchi mu episode yomaliza kuti zonse za pachilumba zinachitikadi, ndipo malo amene akumanawo ndi a pambuyo pa imfa, aliyense atafa pa nthawi yake. Anthu akukumbatirana, nyimbo ikulira, misozi ikulengeza, ndipo inenso inalengeza. Koma alamu, imeneyi ndi chilimba chimene waponya mwezi ndi mwezi osaphonya, ndiye tsiku lako lolandira litafika wosunga ndalama akukuuza kuti chofunika si ndalama koma ubale umene tamanga. Ngati nkhani inali ya anthu, bwanji episode iliyonse inkathera pa chitseko, pa nambala, pa chifano cha zala zinayi kuphazi? Ankatigulitsa mafunso. Ndipo sanganene kuti nthawi inawathera mwadzidzidzi, chifukwa mu 2007 zinalengezedwa kuti sewero lidzatha mu 2010. Zaka zitatu akudziwa tsiku lotseka.

Pali ndi kamsonkho kobisika. Sewero litatha pa TV, anatulutsa kachidutswa ka mphindi 12 kotchedwa The New Man in Charge, kamene anakaika mu DVD yogulitsidwa mu August 2010. Mmenemo ndi mmene akufotokoza za chakudya chimene chinkagwa kuchokera kumwamba ndi parachuti, akuwonjezera za zimbalangondo zija, ndipo Ben, amene anali mtsogoleri wa anthu a pachilumba aja, akupita kukamutenga Walt. Kutanthauza kuti mayankho ena analipo, koma anawasungira wogula DVD. Wokopetsa pa flash nthawi zambiri kachidutswaka sakapeza, ndipo ukafunsa mnyamata wa pamsika amangokuyang'ana n'kunena kuti season 6 ndi yomweyo, yathera pa 18.

Tsopano ikani Breaking Bad pambali pake. Inayenda kuyambira 2008 mpaka 29 September 2013. Walter White, mphunzitsi wa chemistry ku Albuquerque, apezeka ndi khansa ya m'mapapo, ayamba kuphika mankhwala osokoneza bongo kuti asiyire banja ndalama. Kuyamba kwake n'kozizira, ndipo anthu ambiri amaisiya pa season yoyamba ngakhale ili ndi ma episode 7 okha. Pirirani. Iyi ikakuonetsa kanthu imakabwerera. Poizoni uja wa ricin, amene Walter anayamba kupanga mu season 2 n'kumangolephera kumugwiritsa ntchito, pomaliza akuthera mu tiyi wa Lydia, mayi amene ankachita naye malonda. Season 5 ikuyamba ndi Walter wandevu, ali yekha, akugula mfuti yachiwaya n'kuiika m'buti ya galimoto. Vince Gilligan, mwini sewerolo, anavomera yekha kuti polemba zimenezo sankadziwa kuti mfutiyo idzawombera ndani. Apa ndi pamene ndimawasiyanitsira ndi a Lost. Onse ankalemba akuyenda, onse anaponya chinthu patsogolo asanadziwe mathero ake. Koma awa anaona mfutiyo ngati ngongole, anavutika nayo mpaka inalira mu episode yomaliza. Ndalama zikupeza njira yofikira kwa mwana, Jesse, mnzake wophika naye mankhwala, akuthawa pagalimoto akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo Walter akuuza mkazi wake zimene tonse tinkadikira kuti avomere, kuti zonsezi ankachitira iye mwini, osati banja.

Ena amati mathero amenewa ndi osalala mopitirira, kuti munthu woipa chotere zonse zamuyendera monga anakonzera. Mwina. Palinso funso limene anasiya, la zimene Gus Fring, mkulu wogulitsa mankhwalawo, ankachita ku Chile asanabwere ku America. Koma palibe amene anandilonjeza kuti nkhani yonse yagona pamenepo, choncho sindinadandaule.

Game of Thrones vuto lake ndi lina: mayankho analipo, koma anawapereka akuthamanga ngati basi ya ku Lusaka yawasiya.  Ma season oyamba asanu ndi limodzi anali ndi ma episode 10 iliyonse, season 7 inali ndi 7, yomaliza 6 basi. Mabuku a George R. R. Martin amene ankatsatira anawathera panjira, poti lomaliza kutuluka ndi la 2011. Kuyambira chithunzi choyamba cha episode yoyamba ankatiopseza ndi akufa oyenda a kumpoto aja. Zaka zisanu ndi zitatu tikudikira. Night King, mtsogoleri wawo, akufa mu episode 3 ya season 8, ndi mpeni umodzi wa Arya, asanalankhulepo liwu ngakhale limodzi. Zizindikiro zozungulira zimene ankazipanga ndi ziwalo za mitembo zinkatanthauza chiyani, palibe anatiuza bwinobwino. Nkhondoyo anaijambula mumdima woti ukamaonera pa foni masana umangoona nkhope yako pagalasi, ukweza kuwala mpaka pamapeto, batire n'kutha usanadziwe kuti wafa ndani. Chinsinsi chachikulu cha makolo a Jon Snow anachiulula bwino, koma phindu lake linali lochepa: ufumu unapita kwa Bran, Jon n'kubwerera kumpoto kumene anachokera. Ndipo mu episode 4 kapu ya khofi ya masiku ano inaiwalika patebulo pamaso pa Daenerys, dziko lonse n'kuiona. Anthu opitirira 1 miliyoni anasaina pa intaneti kupempha kuti season yomaliza ijambulidwenso. Komabe mkwiyo wanga pa iyi ndi wocheperapo, chifukwa ma season anayi oyamba amaima paokha ngakhale utaiwala za akufa oyendawo. Chenjezo limodzi: musaiike pabalaza apongozi alipo.

The Sopranos inatha pa 10 June 2007 m'njira imene kuno kwathu ikanamveka bwino kuposa kwina kulikonse. Tony Soprano, mkulu wa gulu la zigawenga, wakhala mu lesitilanti ndi mkazi wake ndi mwana wake wamwamuna, mwana wamkazi akuvutika kupakira galimoto panja, munthu wina wokayikitsa wadzuka kupita kuchimbudzi, belu la pachitseko lalira, Tony wadzutsa mutu. Mdima. Phokoso lonse zii, kwa masekondi angapo, kenako mayina. Ku America ambiri anaganiza kuti TV yawonongeka. Wa ku Mchini kapena ku Nabvutika akanangodzuka n'kusuzumira kwa aneba kuti aone ngati malaiti apita. Tony anafa kapena ayi? David Chase, mwini sewerolo, wakhala akuzemba kuyankha molunjika kwa zaka zambiri. Muli ndi munthu wa ku Russia amene anathawira m'nkhalango ya chipale mu season 3 atawomberedwa, osadzaonekanso.

Mungadabwe kuti iyi sindiikwiyira, pamene yasiya funso lalikulu kuposa onse. Chifukwa chake n'chakuti sinandikokepo ndi chinsinsi. Kuyambira pachiyambi imakuonetsa kuti m'moyo wa anthu amenewa zinthu zimangosiyidwa choncho, mkangano umazirala popanda wopepesa, ndipo munthu wotere amakhala akuyang'ana pachitseko tsiku lililonse. Mdima uja ukugwirizana ndi zonse zimene zinapita m'mbuyo. Koma ndi sewero la kulankhula kwambiri, munthu wamkulu atakhala pampando kufotokozera dokotala wa matenda a maganizo za amayi ake. Wofuna mfuti episode iliyonse agona.

Ndiye amene mukufuna dzina limodzi, tengani Breaking Bad, yonse, ndipo mukafuna kudziwa kumene Jesse anakathera pali filimu ya El Camino ya 2019. Game of Thrones tengani mukudziwa kuti season 8 mudzatukwana. The Sopranos ndi ya oleza mtima. Lost sindiuza munthu kuti akope. Amene waumirira, aonere season yoyamba ndi yachiwiri, asangalale ndi chitseko chija, ndipo akayamba kulemba manambala papepala kuti awamasulire asadzandiimbire foni. Nambala ya mlamu wanga wa ku Katete ndimupatsa, akakambirane okhaokha za ubale.